Matumba makumi anayi a ku Kasakula

Luckness analephera mayeso a Fomu 4 kawiri, ndipo kawiri konseko inamugwetsa ndi sayansi. Makolo ake anali atamwalira. Ankakhala ndi azakhali ake, a Margareta, kufupi ndi Kasakula, n'kumagulitsa mtedza wophika pa siteji.

Wachibale wina anamupezera ntchito yotsuka mabotolo mu labu yoyeza zakudya ku Lilongwe. Anatsuka zaka zinayi. Pa nthawi yopuma ankawerenga mabuku a makina omwe ena ankatsamiritsira chitseko. Analembanso mayeso, anakhoza, anachita dipuloma, mpaka anamulola kukhudza makina aakulu.

Makinawo amagwira ntchito motere. Amapatsa tinthu tosaoneka ndi maso mphamvu ya magetsi, n'kutiyeza kulemera. Akasankha kanthu kamodzi, amakaswa, n'kuyezanso zidutswa zake. Pali makina oswa ndi maelekitironi, ena ndi kuwala kwa leza. A mu labu yawo ankawombanitsa tinthuto ndi mpweya wa naitirojeni. Zinthu ziwiri zosiyana zikhoza kulemera mofanana, koma sizisweka mofanana.

Chaka china kalabu ya alimi ya kwawo inatumiza mtedza wotapa m'matumba makumi anayi. Wogula ankafuna umboni woti mulibe poizoni wa chuku. Thumba lililonse lopezeka naye, alikana. Kuyeza koyamba kunaonetsa chinthu cholemera ngati poizoniyo m'matumba onse.

A Moffat, mkulu wa labu, anatenga cholembera kuti asaine zotsatirazo.

"Bwana, musasaine. Sitinaswe," anatero Luckness.

"Kuswa kwake kuti? Njira yoswera poizoni ameneyu inatikanika kalekale. Kapena poti ndi mtedza wa kwanu?"

"Ndi wa kwathudi. Ukakhala woipa ndilemba ndekha. Mundipatse masiku awiri."

"Awiri. Lachitatu ndisaina."

Tsiku loyamba Luckness anaika mphamvu yochepa, tinthu tinadutsa tathunthu. Anawonjezera, tinanyenyeka mosazindikirika. Anayamba kukweza pang'onopang'ono, akuyesera pa poizoni weniweni wa m'kabotolo, mpaka zidutswa ziwiri zodziwika zinaonekera bwino. Tsiku lachiwiri anayeza thumba lililonse palokha.

Zidutswazo zinapezeka m'matumba asanu ndi limodzi okha. M'enawo munali chinthu china, chosavulaza, chongofanana kulemera. A Moffat anabwereza okha, anayang'ana nthawi yaitali, n'kusaina. Wogula anatenga matumba makumi atatu ndi anayi.

Mwa asanu ndi limodzi aja, anayi anali a a Margareta. Luckness anakwera minibasi kukawauza yekha.

"Azakhali, mtedza munauwaza madzi posenda?"

"Nanga zala zangazi n'zachitsulo? Aliyense amawaza kuti makoko afewe."

"Munauyanikanso?"

"Unauma m'thumba."

"Sunaume. Unachita chuku. Musadye, musapatse ana, ngakhale nkhuku."

A Margareta anati, "Ndiye tinakulera kuti uzitigwira ndiwe?"

"Eya, azakhali."

A Margareta anaseka pang'ono, nadzuka kukatulutsa nsinjiro zomwe anasinja dzulo lake, n'kukazikwirira kudzala. Pa msonkhano wa kalabu anaimirira okha kunena za madziwo, dzina lawo osabisa.

Inu amene mukuwerenga, akakuuzani kuti nthawi yatha pomwe mukuona kuti ntchito sinathe, pemphani masiku awiri. Chimene mungapeze chinenedwe, ngakhale chigwere pakhomo panu. Musataye mtima.