Mtengo wa Eni Ake

Pamene ndinkabwera kudzakwatira kwa Malemia, mtengo wa mapeyala uja ndinaupeza uli nkhalamba kale. Anaubzala agogo a mkazi wanga, ndipo aliyense wa pamudzipo anakulira pansi pake. Malo omanga nyumba anandilozera apongozi anga ndi ndodo, pafupi penipeni ndi thunthu, akuti kuti mwana wawo asamapse ndi dzuwa. Ine maso anga sanakondwe nawo malowo, koma mkamwini wa dzulodzulo satsutsa ndodo ya apongozi. Ndinaumba njerwa, ndinawotcha, ndinamanga.

Kwathu ndi ku Phalombe, ntchito yanga ndi ukalipentala. Ndili ndi kashedi ku Songani komwe ndimakhoma mabedi, mipando, ndi mabokosi pakagwa zovuta. Mitengo ndimakhala nayo tsiku ndi tsiku, koma pamudzi pa mkazi wanga ndinalibe mtengo ngakhale umodzi. Mkamwini sabzala mtengo, poti anthu anganene kuti akufuna kumera mizu pa dothi la eni, ndipo sadula mtengo, poti sanaubzale. Kudya mapeyala ndinkadya mpaka mimba kutupa. Akamagwa pa malata ndi mkokomo wake uja, wokwera kukawongola malata ndinali ine. Koma nkhwangwa ayi.

Mkazi wanga anamwalira mwana wathu wamkazi, mmodzi yekhayo amene Mulungu anatisiyira, ali ku pulayimale. Mwambo wake ndi wodziwika: maliro akatha, abale a malemu amamusudzula mwamuna, ndiko kunena kuti amamumasula kuti abwerere kwawo, ana n'kutsala ndi akuchikazi. Koma alamu anga aakulu, omwe ndi eni mbumba, anandimvera chisoni. Ananena kuti ndikhale kaye mwana akule, za kusudzulazo tidzaona m'tsogolo. Atatero anakwera minibasi kubwerera ku Blantyre kumene amagwira ntchito, nkhani n'kugona.

Ndinaphunzira kuyenda monyang'ama kuti nkhaniyo isadzuke. Mbuzi za eni zikadya chinangwa changa ndinkangoseka. Pamaliro ndinkayamba kufika kumanda ndi khasu, ndinkamaliza kuchoka. Sindinakwatirenso, ngakhale kucheza ndi mayi aliyense panjira ya ku tchalitchi ndinkaopa. Mng'ono wa mkazi wanga amakhala nyumba yoyandikana ndi yathu. Mwana wake anali atangokwatiwa kumene, akukhala ndi mwamuna wake m'kanyumba kaudzu kothonya, ndipo ndinkamuona mlamu wangayo akuyang'ana malata anga monga amayang'anira nyama pa butchala. Sitinakanganepo. Tinkapatsana moni wabwino kwambiri, wa anthu odziwana maganizo.

Chaka cha namondwe wamkulu uja, madzi anatsika m'phiri kwa masiku, mtsinje wa Domasi n'kusefukira mpaka m'madimba. Mvula itakata ndinapeza dothi la kumtunda kwa mtengo litatukuka, mizu ina ili pamtunda. Mtengo unali utapendekera ku chipinda cha mwana wanga. Ndinatenga hamala n'kugogoda thunthu, linalira ngati ng'oma. Pansi pa khungwa panali chiswe chokhachokha, kumunsi kutamera bowa wouma uja womera pa mitengo yakufa. Chaka chomwecho unabereka mapeyala ambiri kuposa kale, ndipo anthu ankati mtengo wa agogo sukalamba. Ine ndinkangoti zoona.

Kuti udulidwe, anafunika eni mbumba abwere, mbumba yonse ikhale pansi. Apa ndiye panali povuta. Anthu amene sanakhalepo pamodzi chichokereni pa maliro a mkazi wanga, akakhala pansi sangathere pa mtengo pokha. Wina adzakumbuka kuti pali mkamwini amene sanasudzulidwe. Ndikakhala chete, mtengo udzagwera mwana wanga. Ndikayankhula, ndidzamusiya mwanayo n'kupita. Ndinkazitembenuza uku ndi uku ndikupala matabwa ku shedi, mpaka tsiku lina ndinapala thabwa la mwini wake mpaka kutsala ngati chipande.

Ndinayesa njira zachidule. Ndinasamutsa bedi la mwana kuliika pabalaza, n'kumuuza kuti kuchipinda kukuthonya. Ndinachirikiza nthambi yaikulu ndi mphanda ya bulugamu, ndikudziwa bwino kuti mphanda singagwire chimtengo chotere. Kenako ndinapita kwa mng'ono wa mkazi wanga uja, ndi ulemu wonse, kumufunsa ngati iye ndi alongo ake ena aang'ono sangangovomereza kuti tiuchepetseko nthambi. Anali akupeta mpunga ndipo sanasiye kupeta.

"Ine ndine ndani, alamu? Aimbireni eni ake, nambala muli nayo."

Anayankha akumwetulira. Ndinapsa mtima, koma ndinathokoza n'kubwerera.

Mwana wanga panthawiyi anali ku sekondale, wamaso, wosapusitsika ndi nkhani ya denga lothonya. Anandiuza kuti ngati ndikuchita manyazi, awaimbira yekha amalume ake. Ndinamukalipira, chinthu chimene sindinkachita, ndipo anakhala masiku osandiyankhula bwino. Sindinamuuze chifukwa chake. Bambo angauze bwanji mwana wake kuti pakhomo pano iye amangokhala poti anthu anamuiwala? Dzinja lina linadutsa choncho. Kukachita mitambo ku phiri ndinkatseka shedi masana n'kuthamangira kunyumba, kukangoima pabwalo n'kumauyang'ana mtengo ngati maso anga angaugwire.

Sunadikire n'komwe mvula. Linali Loweruka la mwezi wa June, mwera ukuwomba, mwana akutsuka mbale pa thandala kuseri. Ine ndinali pakhonde ndikunola tchizulo. Ndinamva kuthyoka, kenako phokoso la mbale. Nditathamangira ndinapeza nthambi yonenepa ngati chiuno changa itagwetsa thandala, ndowa itaphwatalala, mwana atakhala pansi m'matope a madzi otsukira, magazi akuyenderera paphewa. Sanalire. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Ababa, mukudikira chiyani?"

Titabwerako kuchipatala ndinawaimbira alamu aakulu aja.

Anabwera sabata yotsatira. Ndi munthu wabwino, sindingawanamizire. Anandibweretsera shuga ndi buledi, anamugwira mwana paphewa n'kupukusa mutu. Mbumba inasonkhana, mikeka n'kuyalidwa kutali ndi mtengo, poti tsopano aliyense anali atauona kupendekeka kwake. Ndinafotokoza za chiswe ndi mizu, mawu amene ndinawakonza kwa chaka ndi miyezi. Sanandilole n'kumaliza komwe. Nkhani ya mtengo inatha tiyi asanazizire.

"Udulidwe basi. Komanso alamu, mukanangodula kalekale, akanakuletsani ndani?"

Onse anavomereza, ngakhale mayi wopeta mpunga uja. Ndinaseka nawo, chifukwa ndikanapanda kuseka ndikanatukwana. Ndikanaudula ndekha, anthu omwewa akanandikhazika pa mkeka womwewu n'kundifunsa kuti mtengo wa agogo awo ndinaupeza kwathu ku Phalombe kapena. Ndinayamba kudzuka kuti ndikapeze anyamata a makina ocheka, koma alamu anakweza dzanja kuti ndikhale kaye. Anatsokomola pang'ono, n'kuyang'ana pansi.

"Poti takumana kale, pali kankhani kena kamene kanatsala."

Anayankhula bwino kwambiri. Anati ndawasungira mlongo wawo mpaka kumanda, ndawalerera mwana mpaka wakula, mbumba ilibe nane chifukwa. Anati si bwino kumumanga mwamuna wamphamvu zake ngati ine, ndipite ndikaone moyo wina. Za mwana ndisade nkhawa, mchemwali wake wa m'kanyumba kaudzu uja ndi mwamuna wake alowa m'nyumbamo kuti asamakhale yekha. Mwana wanga anayamba kuyankhula, amayi ake aang'ono ena n'kumugwira mkono kuti akulu akuyankhula. Ine ndinawomba m'manja n'kuthokoza, monga mwambo umafunira. Walira mvula walira matope, ndipo mvulayo ndinaiitana ndekha pa foni.

Mtengo tinaugwetsa ndisanachoke. Zingwe ndinamanga ndine, ndinawauza anyamata pochekera, ndipo unagwa bwinobwino chakumunda, osakhudza lata ngakhale limodzi. M'kati munali mphako yoti mwana wamng'ono n'kubisalamo. Amayi anagawana nkhuni tsiku lomwelo.

Ku Phalombe ndinapita, koma nditakhalako pang'ono ana a mlongo wanga anayamba kundifunsa kuti ndibwerera liti. Munda umene ndinkalima ndili mnyamata uli ndi eni ake tsopano. Ndinabwerera ku Songani, ndimagona m'kachipinda ka lendi kuseri kwa shedi, pakati pa matabwa. Zoti ndikwatirenso, kukaumbanso njerwa pamudzi pa anthu ena ndi msana uno, ndilibe nazo mphamvu, ndipo kunena zoona ndilibe nazo mtima. Anzanga amati ndithokoze kuti mwana ali moyo. Ndimathokoza. Koma ndikamadya ndekha madzulo ndimamusowa kwambiri mwana wanga.

Mwanayo sabwera kawirikawiri, ntchito zapakhomo zinamuchulukira poti mchemwali wake uja ali ndi khanda. Ndiye Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ndimapita ndine, nditanyamula sopo kapena kanyenya kogula pamsika. Ndimafika pa chitseko chimene ndinapala ndi manja angawa, n'kunena kuti odi. Nthawi zina amandiyankha msanga. Nthawi zina ndimamva mwamuna wa mchemwali wake uja akufunsa m'katimo kuti ndi ndani, ndipo ndimaima panja ndi kajumbo kanga, kudikira kuti mwana wanga awafotokozere.