M'busa wa pakhoma la amalume

Nditasiya yunivesite ku North York, ndinakadziunjika kwa amalume ku Scarborough. Ntchito ndinalibe, ndipo mafunso sindinkawafuna.

Kumudzi amalume anali ahedi a sukulu. Kuno kwa azungu ankasambitsa nkhalamba ku Oakville. Ulemu wawo wonse unatsalira pa Loweruka masana, pamene Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ankadzaza pabalaza pathu kudzapemphera, n'kumawatchula kuti akulu ampingo.

Pabalazapo panali chithunzi chimene amalume anachitola ku Oakville komweko, pa katundu amene azungu amataya m'mbali mwa msewu. Chinali chakale, cha penti wamafuta, chakuda bii ndi utsi. Munkangooneka m'busa wonenepa atagwada, maso kumwamba, kukamwa yasa. Anabwera nacho pa sitima atachikumbatira, n'kuchipachika pabalaza.

"Onani mmene ankapempherera akale," ankauza alendo.

Ine chinkandinyansa, koma nyumba sinali yanga.

Pasaka itayandikira, anti, akazi awo, anachikwecha ndi sopo ndi mswachi n'kuchibwezera pakhoma, iwo n'kuthamangira kukhitchini. Anthu atasonkhana, mwana wamkazi wa amalume wobadwira konkuno analoza chithunzicho.

"Adadi, ikuyang'ana chikeni!"

Zoonadi. Pamwamba pa m'busayo panali patatulukira nkhuku yootcha, ili lende pa mbedza. Pansi panali mizere ya ndakatulo, ndipo mtsikanayo anaiwerenga mokweza m'Chingerezi chake chothamanga. Inkanena za m'busa amene ankatalikitsa pemphero dala kuti alendo atope azipita, nkhuku adye yekha.

Amalume nawonso ankadziwika ndi mapemphero aatali.

"Akulu ampingo," anatero mayi wina wa ku Lusaka, misozi ya phwete ili mbwee, "nanga imwe nkhuku yanu mumabisa kuti?"

Panalibe chipongwe. Anthu otopa ndi chisanu anangopeza choseka. Amalume anaonetsa mano, kenako anapemphera mwachidule ngati akuthawa moto.

Sabata yotsatira anapempha kuntchito kuti azigwiranso Loweruka. Mapemphero anasamukira kwa ena, ndipo kumeneko amalume sanapondeko.

Chithunzicho anandituma kukachitaya. Ndikuchichotsa, anaima pambuyo panga.

"Iwe unawerengako zachizungu izi. Unkadziwa?"

"Ayi, amalume."

Anagwedeza mutu n'kukavala nsapato zakuntchito. Tinakhalanso chaka chathunthu m'nyumba imodzi, anthu awiri ogwa, tikungopatsana moni. Ndimalakalaka tikanakhala pansi n'kuchiseka awiri chithunzi chopusacho.