Wamuyaya Wake Uti?

Bambo anga anamwalira m'dzinja, chaka chija tinali titangophunzira kuti mawu akuti "wamuyaya" amatha kufufutidwa ndi voti. Tinakula tikuwaimba pamzere kusukulu, tikuwavala pachitenje, ndiye tsiku lina wailesi inangotiuza kuti basi, muyaya uja wathera pomwepa. Ife a ku Nathenje tinangoti chabwino, n'kubwerera kukapalira fodya.

Ine ndinali nditakwatiwa ku Mitundu, ndikugulitsa tomato pamsika, ndipo uthenga unandipeza ndikuyala malonda. Ndinanyamuka ndi alamu anga, akulu awo a amuna anga, omwe anali atangoyambitsa mpingo wawowawo pansi pa bulugamu kuseri kwa chigayo. Masiku amenewo zipani ndi mipingo zinkamera mofanana: munthu akangogula jekete, mawa lake ali ndi omutsatira. Alamuwo anati akundiperekeza kuti azindilimbitsa mtima. Iwo ananyamula Baibulo, chikwama ndinasenza ndekha.

Bambo anali oyambitsa nyimbo mumpingo mwathu kuyambira ine ndisanabadwe. Maliro alionse m'dera lathu ankayamba ndi kukhosomola kwawo, kenako nyimbo. Chaka china ntchito itawakulira kumunda anaitanitsa dima, ndipo anafululira mowa anthu odzawathandiza kulimawo. Mpingo unawaika pachilango, n'kuwauza kuti akalowenso kalasi limodzi ndi ana amene iwo anawaimbira pobatizidwa. Bambo anati ayambe akolola kaye. Anakolola kawiri, kalasi osalowa, kenako chifuwa chinawatenga.

Kwathu munthu akamwalira ali pachilango amaikidwa popanda nyimbo. Anthu amangoyenda duu, kumamveka mapazi okha. Chimenechi ndicho chinkawadya mtima amayi anga, mwinanso kuposa imfayo. Munthu amene anaimbira mudzi wonse apite kumanda ngati katundu wakuba?

Chiyembekezo chathu chinali pa mkulu wa mpingo, mnzawo wa bambo wa m'kwaya. Anali munthu wa malamulo, koma anali ndi matenda amodzi odziwika: khutu lake silinkapirira nyimbo yoyambidwa molakwika. Anaimitsapo ukwati pakati, akwati ali chiimire, kuti kwaya iyambirenso.

Tinakumana nawo m'chigafa cha fodya chifukwa kunkawaza mvula. Amayi anagwada chapatali.

"Abambo, anzanu aja tikawaike ndi nyimbo," anatero.

"Mayi, musade nkhawa ndi mzimu wa munthu," anayankha akuluwo. "Amene Mulungu anamusankha satayika. Chipulumutso ndi chamuyaya."

Mtima wanga unakhala pansi. "Ndiye ndikaitane a kwaya?" ndinafunsa.

"Taimani, mwana wanga. Wosankhidwa akagwa amadzuka. Amene wagwa osadzukanso, mwina sanasankhidwe n'komwe. Ife sitingaimbire chinthu chimene sitikuchidziwa."

Apa alamu anga, omwe palibe anawafunsa, anakonza jekete.

"Pepani akuluakulu, pamenepo mwaphonya. Yesu anafera aliyense, osati kagulu kanu ka osankhidwako. Bambowa anapulumutsidwa ndithu."

Ndinayamba kuwakhululukira za chikwama zija.

"Koma chipulumutsocho anachigwetsera mumbiya ya mowa," anapitiriza. "Chimatayika chimenechi. Munthu akapanda kupirira mpaka mapeto, zake zada."

Mavesi anayamba kuuluka m'chigafamo. Uyu atchule la nkhosa zosalandidwa m'dzanja la mbusa, uyo abweze ndi la nthambi zodulidwa n'kuponyedwa pamoto. Amuna amene anali pamaliro anasendera pafupi ngati kwabwera msonkhano wa chipani, ena mpaka kugwedeza mutu mokoma pamene mfundo yagwa bwino. Adzukulu okumba manda anatumiza uthenga kawiri kuti dzenje layamba kulowa madzi. Sizinawakhudze anthu a Mulunguwo. Bambo anali atagona m'nyumba, sakanathawa.

Ine ndinakwiya kwambiri. Mmodzi ankati bambo anga chipulumutso mwina sanachigwirepo, wina ankati anachigwira n'kuchitaya. Anakangana za anthu a ku Malingunde amene anafa Uthenga Wabwino usanawafike, anakangana za makanda, mpaka za wakuba uja wa pamtanda. Pa nkhani ya nyimbo pokha ndi pamene anagwirizana, kosakangana n'komwe. Aka kanali koyamba mipingo iwiriyo kumvana, ndipo ulemu umenewo unagwera banja lathu.

Amayi anali chigwadire nthawi yonseyi. Kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiye mundithandize. Wamuyaya mukunenayu ndi uti? Ndi uja tinkavala pachitenje, woti anthu akagwirizana amamuchotsa?"

"Ayi mayi," anatero akuluwo. "Za Mulungu sizivoteredwa."

"Nanga muno mukutani?"

Akuluwo anayang'ana wotchi. Alamu anga anatsegula Baibulo n'kuyamba kufunafuna chinthu chimene mpaka lero sanachipeze. Koma lamulo linakhalabe lamulo. Anthu ananyamula bokosi, tinayamba ulendo wa kumanda mwakachetechete, matope okha akulira kumapazi. Sindinamvepo manyazi ngati tsiku limenelo, ndipo manyaziwo sanali a bambo anga.

Titadutsa munda wa fodya uja wa dima, amayi anakhosomola. Kenako anayamba nyimbo imene bambo ankaikonda pamaliro, ya ulendo wopita kwawo. Anaiyamba pamwamba kwambiri, poti ngakhale mwana sangafikepo. Azimayi ena awiri atatu anayesa kuwatsatira, mawu n'kusweka. Inali yoipa, ndinene zoona, moti agalu akanalira nawo.

Ndinacheuka kuyang'ana mkulu wa mpingo. Nkhope yawo inali ngati aluma mwala mumpunga. Anapirira mzere woyamba. Wachiwiri anatseka maso. Pa wachitatu anakweza dzanja, n'kuitsitsa nyimboyo pamalo pake ndi besi yawo ija, ndipo khamu lonse linalowa ngati linkangodikira. Alamu anga anaimba mokweza kuposa aliyense, poopa kuti mpingo wawo ungaoneke wopanda mawu. Tinaimba mpaka dothi lomaliza.

Pobwerera akuluwo anaima pakhomo kuti amayi amve bwino.

"Mayi, zidziwike kuti ine sindinaimbe. Ndinangokonza."

"Zikomo abambo, mwakonza bwino," anayankha amayi.

Mkangano uja sunathe. Alamu anga akali nawo mpaka pano, ndipo mpingo wawo unagawika katatu pa nkhani yomweyo. Kumene bambo ali sindikudziwa, ndipo amene ankadziwa aja sindiwafunsanso. Chimene ndikudziwa n'chakuti amayi anga anaimba m'kwaya moyo wawo wonse, ndipo chiyambire sanaphonyepo poyambira nyimbo, kupatula tsiku limenelo.