Chilatini cha Apongozi Anga

Mwana wanga woyamba ankagona ndi Chilatini. Apongozi anga aamuna anabwera kudzakhala nafe ku Chilomoni kuti azipita kuchipatala cha maso, ndipo masana ankakhala pakhonde, khanda lili pamiyendo, akuyimba salimo limene anaphunzira ali otumikira Misa kwawo ku Mulanje. Tanthauzo lake sindinkalidziwa. Mawuwo ankangotsetsereka pang'onopang'ono ngati nkhungu ya paphiri la Michiru, ndipo mwana amene ankalira mpaka aneba kudandaula ankangoti zii. Inenso maso ankalemera, malata akuthetheka ndi dzuwa.

Maso awo atapola, anati abwerera kumudzi Loweruka. Ndinada nkhawa, chifukwa m'manja mwanga mwanayo sankagona. Ndinkafuna nyimboyo itsale, koma kwathu mkazi sakhala pafupi ndi bambo a mwamuna wake, ngakhale kuwayang'ana kumaso. Ndikanawapempha bwanji, ine wolekezera sukulu panjira?

Ndinayamba kuchapira matewera kuseri kwa khoma la khonde, khutu lili tcheru, milomo ikutsatira chamumtima. Tsiku lina ndinadziiwala, mawu anatuluka. Pakhonde nyimbo inaima. Ndinangoti chilili, thovu likuuma m'manja.

Kenako ndinawamva akulankhula ndi khandalo.

"Bwana wamng'ono, tamverani. Mawu awa poyamba anali m'Chiheberi ndi m'Chigiriki. Anthu akalekale anawamasulira m'Chilatini kuti amayi a pamsika nawonso azimva. Chinali Chinyanja chawo chimenecho. Ankawakopera pamanja, pazikopa, mibadwomibadwo, mpaka anawoloka nyanja n'kutipeza kuno. Si a ophunzira okha ayi. Nditsatireni."

"Abambo, munthu wopanda mano akutsatireni?" anaseka mwamuna wanga ali pawindo.

"Uyu ali ndi makutu anayi," anayankha apongozi. "Awiri ali kuseriku."

Anayimba mzere umodzi n'kusiya mpata. Ndinayankha motsitsa, nkhope ili m'beseni. Ndikalakwitsa ankadzudzula khanda n'kubwereza. Zinkakhala ngati kumbuyo kwa apongoziwo kuli anthu ena ambirimbiri, aliyense akupatsira mnzake mawu omwewo, khoma lili pakati. Tinachita choncho masana onse otsalawo, osaonana.

Loweruka apongozi atakwera minibasi, mwana anayamba kulira tisanalowe m'nyumba. Ndinakhala pansi pakhondepo, mpando wawo ndinausiya. Ndinayimba lilime likupunthwa, ndikuopa chifukwa salimolo ndinali nditangolifika pakati. Mwana anagona ndisanafike pamene ndinalekezera.