Mwana wa Mchimwene Wanga pa Siteji ya Dedza

Mchimwene wanga anamwalira chaka chimene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere. Mkazi wake anamutsatira mvula isanagwe, ndi matenda omwe aja tinkaopa kuwatchula dzina. Anasiya mwana mmodzi, mnyamata wa zaka khumi.

Ine ndinali mphunzitsi ku Mayani, nyumba ndinali nayo. Koma abale titakhala pansi kukambirana za mwanayo, ndinabisala kuseri kwa mwambo. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, womuyang'anira ndi malume ake. Ndinalankhula bwino zedi tsiku limenelo, akuluakulu mpaka kugwedeza mitu. Chimene sindinanene n'chakuti malumewo ndinkawadziwa: kachasu anali atawamaliza, ndipo pakhomo pawo panali kale ana amasiye anayi. Mpaka lero manyazi amandigwira.

Patapita zaka ziwiri ndinapita ku Boma m'nyengo yachisanu. Pobwerera, pa siteji ya minibasi, mnyamata wina anathamangira thumba langa la kachewere kuti andinyamulire. Anali atavala juzi ya munthu wamkulu, mapazi ali ming'alu yokhayokha. Atatembenuka ndinaona nkhope ya mchimwene wanga.

"Iwe, ukutani kuno?"

"Ndimakhala konkuno, bambo aang'ono," anayankha, maso ali pansi.

Anati kwa malume ake ankadya akapita kuganyu basi, ndiye anaona kuti ganyu ali paliponse. Ankagona m'khonde mwa sitolo, kufunda makatoni. Apolisi akawathamangitsa ankadumphira ku Mozambique, poti malire ake ndi pafupi. Ankafotokoza mosadandaula, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka kwambiri.

"Tiye kunyumba," ndinatero. "Lero lomwe. Ukayambirenso sukulu."

Anayang'ana kumbuyo. Pafupi ndi ogulitsa chipisi panakhala kamwana ka zaka ngati zisanu, mamina ali chuchuchu, katagwira chitsononkho cha chimanga.

"Nanga uyo? Ndikapita adya kwa ndani?"

"Ndi m'bale wako wa kuchikazi?"

"Ayi. Ndinangomupeza akulira pamsika."

Kondakitala anali akumenya chitseko, mpando unatsala umodzi. Ndinaganiza za zipinda zanga ziwiri, za ana anga, za nkhope imene mkazi wanga akanandionetsa. Ndinamuuza kuti ndibweranso Loweruka kudzawatenga onse awiri. Anavomera mwaulemu, nakweza thumba lija m'galimoto.

Loweruka limene ndinapitako linali la sabata yachitatu. Ogulitsa chipisi anati ana awiri aja anakwera lole ya ku Lilongwe, wamkuluyo atabereka mnzake kumbuyo.