Mkamwini pa Phiri la Dedza

Tinanyamuka pa Sinda dzuwa litangotuluka, mwezi wa Julaye, m'masiku a Chitaganya pamene munthu unkalowa m'Nyasalande ngati ukupita kudimba. Mtedza unachita bwino chaka chimenecho, ndiye akulu a mpingo wathu anati tiyeni tikaone phiri la Dedza, tileke kungomvera kwa ena. Aliyense anaponya mashereni khumi ndi awiri, n'kubwereka lole ya mmwenye wina wa pa Katete.

Ine ndinali mkamwini wa miyezi isanu. Tsoka lake, apongozi anga aakazi nawonso anaponya yawo. Inu a masiku ano simungamvetse. Nthawi imeneyo mkamwini sankakhala pafupi ndi apongozi, sankawayang'ana kumaso, ndipo mukakumana panjira iwe unkapatukira kutchire ngakhale muli chitedze. Nanga m'lole muli tchire? Choncho iwo anakhala kutsogolo ndi mkazi wanga Nabanda, ine kumbuyo kwenikweni pa thayala la sipeya, nditayang'ana komwe tikuchokera.

Pa Katete panakwera Gidiyoni, mwana wa amalume ake a Nabanda, mphunzitsi wa ku Vubwi. Nsapato zonyezimira, chipewa cha nthenga, m'khosi muli magalasi oonera patali. Asanakhale n'komwe anafuula:

"Eee, mkazi wanga! Wandisungira malo?"

Anthu anafa nalo phwete. Ndikudziwa, chisuweni n'chomwecho, palibe mlandu. Koma ndinkadziwanso kuti kwathu asuweni amakwatirana ndithu, ndi kuti ine ndisanabwere dzina la Gidiyoni linatchulidwapo m'nyumba imeneyo. Mkamwini ndi mlendo. Akatopa nawe amangokuikira khasu ndi mphasa yako pakhomo. Nsanje inandigwira pompo, sindibisa.

Pa Foti Jemusoni tinamwetsa mafuta chakumasana. Pofika pa Foti Maningi fumbi lonse la msewu linali litathera pa ine, ndinangofiira psuu ngati chulu. Ena anatsika kukagula zitumbuwa, ine ndinaima patali poopa apongozi. Mayi wogulitsayo anayang'ana Gidiyoni ndi Nabanda.

"Koma ndiye mwayenerana! Bambo, agulireni ziwiri mayiwa."

Kenaka anandikodola ine. "Inu a lole, madzi osamba ali kuseriko."

A lole, ine! Chitumbuwa chimene Nabanda ananditumizira ndinapatsa galu.

Tinagona pa sukulu ina ku Lilongwe, m'mawa n'kupitiriza. Cha m'ma teni koloko phirilo linali patsogolo pathu, lalitali moti phiri lathu la Mphangwe la ku Katete likanangokhala mdzukulu wake. Kuzizira kwake kolowa m'mafupa. Pamsika tinadya kachewere wophika wothira mchere, ena kanali koyamba kumulawa. Patsinde pa phiri mlonda wa nkhalango, mkulu wa chikhoti chankhondo, anatiimitsa.

"Kwerani pamodzi, tsikani pamodzi. Nkhungu ya kuno siodira."

Tinayamba kukwera m'mitengo ya paini. Ine ndinali wotsiriza, mapazi makumi atatu kumbuyo. Apongozi akaima kuti apume, nanenso ndiime. Akakhala pansi, ine ndiyang'ane mtengo. Kumtundako Gidiyoni pakamwa posatseka: uko ndi kwa Apwitikizi, ilo ndi phiri la Nkhoma, mtengo uwu pa Chingerezi amati chakuti. Pa thanthwe lina anamugwira dzanja Nabanda pomukweza. Atafika poyera anamuveka magalasi aja, iye n'kuima kumbuyo kwake akumulozera. Nabanda anaseka kuseka kumene ine ndinali ndisanakumvepo.

Basi mutu unaima. Ndinati lero aone kuti mwamuna ndani, wa nsapato kapena wa khasu. Ndinalowa m'tchire, n'kuwadutsa onse cham'mbali, n'kukwera ndekha osacheuka. Ndinamva wina akuitana, ine n'kungopitiriza. Dzuwa litapendeka ndinali pamwamba penipeni, mtima uli thithithi, ndikudikira kuti andione.

Amene anandiona ndi nkhungu. Inangobwera ngati utsi wa lupsa, ndipo posakhalitsa sindinkaona ndi phazi langa lomwe. Njira ndinaisowa. Ndinakhala pamwala, malaya ali chonyowa, mano akugundana. Mantha anandigwira, koma ngakhale pamenepo chimene ndinkaganiza n'chakuti ndikafera kuno Gidiyoni sadikira n'komwe kuti amete maliro.

Patapita nthawi ndinamva mawu chapansi. "APhiri! APhiri inu!"

Anali Nabanda akundiitana. Ndinatsata mawuwo chokwawa mpaka ndinamupeza pa kanjira kopapatiza, uku thanthwe, uku phompho.

"Anzathu ali kuti?" ndinafunsa.

"Anatsika kalekale. A Gidiyoni anati magalasi ndi a sukulu, angalowe madzi. Ine ndinakana kutsika. Mwatichititsa manyazi, aPhiri."

Kumbuyo kwake kunamveka kutsokomola, ndipo ndinakudziwa. Apongozi! Anakana kusiya mwana wawo yekha m'nkhungu, ndiye anakwera naye, n'kuterereka pamwala, bondo n'kutupa. Ndinayang'ana kopatukira, kunalibe. Ndinangozyolika. Iwo anatembenukira kuthanthwe n'kuyankhula ngati ine palibe.

"Nabanda, uwauze akamwini kuti mwendo wanga watha. Uwauzenso kuti ndikanafuna mphunzitsi, bwenzi pano ndili m'lole."

Nabanda sanabwereze. Panalibe chobwereza.

Apongozi anatambasula ndodo yawo, ine n'kugwira nsonga yake, ndili kutsogolo osacheuka, Nabanda atawagwira m'khwapa. Tinatsika choncho pang'onopang'ono. Paliponse poterera ndinkamva kulemera kwawo konse m'dzanja langa, koma sanabuule ngakhale kamodzi. Tinafika pa lole dzuwa likulowa, mlonda uja akusonkhanitsa anthu oti akatifune. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinu amene munathamangira pamwamba? Mwaonako chiyani?"

"Nkhungu, bambo."

"Imeneyo ikanakupezani pansi pompano."

Tinafika pa Sinda patapita masiku awiri. Anzathu anasimba za phirilo mwezi wathunthu, za mitsinje yozizira ndi midzi yooneka ngati nyemba zomwazika. Ine ndinalibe chosimba, mashereni anga anangopita. Khasu langa silinaikidwe pakhomo, ndipo ndinakalamba pamudzi pomwepo. Koma bondo la apongozi silinachire. Munda wawo ndinkalima ine chaka ndi chaka popanda wondituma, chifukwa nsanje inali yanga koma wolumala anali iwo. Anatsimphina zaka zonse mpaka tinawaika m'manda, ndipo za tsiku limenelo sanandidandaulirepo, ngakhale kudzera mwa Nabanda.