Ambulera ya Agogo

Ndinadzuka kusanache, amayi a kutchalitchi akuimbabe ndi mawu osasa. Panja pa nyumba yathu ku South C, mu mzinda wa Nairobi, mbaula zinali zitayaka kale, mvula ikuwaza.

Agogo, amene anandilera makolo anga atamwalira, anandisiyira mawu: "Mudzandiike konkuno ku Nairobi, musadzandikweze ndege ngati katundu."

Mtima wawo unkagunda mosalongosoka, ndipo madokotala ankaopa kuti magazi angaundane n'kuwafetsa ziwalo. Mapiritsi osungunula magazi ankawatulutsa kamfuno kosaleka. Choncho ku Ulaya anawalowetsa kachipangizo kudzera mu mtsempha, kotseka kathumba ka mumtima momwe magazi amaundana. Iwo ankakatcha ambulera. Anakhala nako bwinobwino mpaka chibayo chinawatenga.

Kutacha anthu anadzaza, a kumayadi ku Kilimani pa magalimoto awo, ophunzira pa maminibasi otchedwa matatu. Aneba ankangoti "pole", pepani wa m'Chiswahili. Amalume, eni maliro, anali atafika dzulo lake kuchokera ku Dedza. Pofotokoza za matenda, mkulu wa mpingo anatchula ambulera ija. Amalume anaimirira.

"Bokosi lisatsekedwe. Mayi anga sapita ndi zitsulo za eni. Akakafunsidwa uko akayankha chiyani? Ichotsedwe!"

Dokotala wina wa kwathu anawafotokozera mwaulemu, akuonetsa kukula kwake ndi nsonga ya chala. Amalume anati iwonso ambulera amaidziwa. Galimoto ya maliro inkadikira, dalaivala akuloza wotchi. Ine ndinkangoganiza za mpeni pa chifuwa cha agogo.

Sindine wolankhula pagulu. Ndinalowa kuchipinda, n'kutenga ambulera yawo yakuda yopitira kutchalitchi, n'kugwada.

"Amalume, anachotsa kale. Nayi."

Dokotala anayang'ana kudenga. Amalume anaitambasula, naizungulira ndi maso kwa nthawi.

"Yonseyi? Ndi chogwirira chomwe?"

"Eya."

"Mayi anali opirira," anatero, napukuta misozi. "Tsekani."

Kumanda mvula inatsanuka. Anthu anathithikana pansi pa mitengo, koma amalume ananyowa mpaka masokosi, ambulera ili m'khwapa. Wophunzira wina ataipempha, anamukalipira kuti alibe ulemu.

Madzulo nyumba inali zii. Amalume anagona msanga, atailongedza m'sutikesi kuti akaonetse abale ku Dedza. Ndinatsuka makapu, n'kukhala pa mpando wa agogo. M'pamene ndinalira, koma pang'onopang'ono, chifukwa chifuwa chinali chikuwawabe ndi kubisa phwete.